Waya kaye, mbalame pambuyo: mmene ntchito ya telegalafu inaimitsira akatswiri a zachilengedwe ku Alaska

M'chaka cha 2017 bungwe la Smithsonian ku Washington linaika poyera, m'nyumba yake yosungiramo zachilengedwe, mafupa a munthu amene analigwirira ntchito zaka zoposa 150 m'mbuyomo. Munthuyo ndi Robert Kennicott, yemwe anamwalira pa 13 Meyi 1866 m'mbali mwa mtsinje wa Yukon, pamalo otchedwa Nulato ku Alaska, ali ndi zaka 30 zokha. Amene akumva mbiri yake koyamba amadabwa. Kennicott ankadziwika ndi kutolera mbalame, mazira, nsomba, njoka ndi tizilombo. Nanga zinatani kuti imfa imupeze ali wantchito wa kampani ya telegalafu, akutchedwa Major, akufufuza podutsa waya, ntchito yake ya mbalame itaima kaye?

Yankho lake silili kwenikweni pa khalidwe la munthuyo. Lili pa kufupika kwa nyengo yogwira ntchito ku Alaska, pa kulemera kwa katundu, ndiponso pa funso loti sitima ndi agalu zinali za yani.

Kutolera zachilengedwe ndi ntchito yotani?

Sikungogwira kanyama n'kukaponya m'thumba ayi. Ndi ntchito yosandutsa chamoyo kukhala umboni wokhalitsa, woti munthu amene sanafikeko kumaloko, ngakhale wobadwa zaka 100 pambuyo pake, athe kuchiyeza ndi kuchifananiza ndi chinzake. Chinthu chosungidwa chotero tichitche sampulo, monga alangizi a zaulimi amatchulira dothi limene atenga m'munda kuti akaliyeze.

Smithsonian inakhazikitsidwa mu 1846, ndipo mu 1850 Spencer Fullerton Baird anayamba ntchito kumeneko ngati wachiwiri kwa mlembi wamkulu. Baird analibe ndalama zotumizira maulendo akeake, choncho ankapempha malo pa maulendo a anthu ena. Asilikali akamapita kukayeza malire a dziko, kapena akatswiri akamakafufuza podutsa njanji m'zaka za m'ma 1850, iye ankaphatikizapo mnyamata wodziwa kusenda mbalame, n'kumupatsa kabuku ka malangizo. Kennicott anakulira m'dongosolo limeneli. Kuyambira 1859 mpaka 1862 anayenda kumpoto kwa Canada mothandizidwa ndi Hudson's Bay Company, kampani yogula zikopa, n'kufika mpaka ku Fort Yukon, malo a malonda a kampaniyo kumtunda kwa mtsinje wa Yukon. Pa ulendo umenewo analibe ntchito ina koma kutolera, ndipo anaphunzitsanso amalonda a kampaniyo kutero. Mmodzi wa iwo anali Bernard Ross wa ku Fort Simpson, yemwe dzina lake linapatsidwa kwa mtundu wina wa tsekwe woyera.

Kuti tione chifukwa chake ntchitoyi singagwiridwe mongodutsa, titenge mbalame imodzi. Ikangophedwa, wotolera amatseka kukamwa ndi mabala ake ndi thonje kuti magazi asadetse nthenga. Amayeza utali wake kuchokera kumlomo kufika kumchira, kenaka mapiko atatambasula, n'kulemba mtundu wa maso ndi miyendo nthawi yomweyo, chifukwa mitundu imeneyi imazilala mbalame ikauma. Akatero amang'amba khungu pamimba, kudula miyendo m'maondo ndi mapiko m'mapewa cham'kati, n'kuvula khungulo ngati akuvula sokosi mpaka kumutu. Maso, lilime ndi ubongo zimachotsedwa. Thupi amalitsegula kuti atsimikize ngati inali yaimuna kapena yaikazi, popeza nthenga zokha zimanamiza. M'kati mwa khungu ankawazamo ufa wa poizoni wa arsenic kuti njenjete zisadye, n'kuikamo thonje, n'kuligoneka chagada kuti liume. Kambalame kakang'ono kamatenga mwina theka la ola kwa munthu wozolowera. Tsekwe kapena bakha amatenga nthawi yaitali chifukwa mafuta onse ayenera kupalidwa. Akatsala amavunda, kudetsa nthenga, n'kufumbutsa khungu pakapita zaka.

Dzira amalibowola kabowo kamodzi m'mbali n'kuuziramo ndi kachubu kuti zam'kati zituluke, koma dzira limene mwini wake sanaonedwe pachisa lilibe phindu lenileni. Nsomba amazicheka pang'ono pamimba n'kuzimiza mu sipiliti, ndipo sipilitiyo amafunika kusinthidwa pakapita masiku ochepa chifukwa madzi a m'thupi la nsomba amamusungunula. Zomera amazipana pakati pa mapepala, ndipo mapepalawo amasinthidwa tsiku ndi tsiku, apo ayi zimachita nkhungu. Pomaliza pali kapepala komangirira ku sampulo: malo, tsiku, dzina la wotolera ndi nambala yofanana ndi ya m'buku lake. Sampulo yopanda kapepalaka ili ngati kalata yopanda dzina la wolemba ndi kumene yachokera.

Choposa zonsezi ndi nyengo. Mbalame zambiri za ku Alaska ndi zapaulendo: zimafika mu Meyi, kuikira mazira mu Juni, n'kuyamba kubwerera kumwera chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala. Zili ngati ngumbi. Amene sanali pachulu mvula yoyamba itagwa adikire chaka chamawa.

Telegalafu ya waya mmodzi

Telegalafu ndi njira yotumizira mawu pogwiritsa ntchito magetsi oyenda mu waya. Wotumiza amakanikiza kabatani mwachidule kapena motalikitsa, ndipo kutsidya kachitsulo kokokedwa ndi maginito kamagunda motsatira. Kaphatikizidwe ka kugunda kumeneku ndiye zilembo. Amene anamvapo ng'oma yolengeza uthenga kumudzi akudziwa kale mfundo yake: chimene chikuyenda si mawu enieni koma kamvekedwe kogwirizana. Samuel Morse anaonetsa njirayi pakati pa Washington ndi Baltimore mu 1844, ndipo pofika Okutobala 1861 waya anali atalumikiza kum'mawa kwa United States ndi California.

Mzere wa kuthengo unali ndi zigawo zochepa, koma chilichonse chinali cholemera. Waya anali wachitsulo, wokutidwa ndi zinki kuti asachite dzimbiri. Waya wotere wonenepa mamilimita 4 amalemera pafupifupi makilogalamu 100 pa kilomita, kotero makilomita 1,000 ndi matani pafupifupi 100 a waya yekha. Mapolo ankaimikidwa pafupifupi 15 kapena 20 pa kilomita, ndipo polo iliyonse inkafuna kagalasi kake kotchinga magetsi, kokhala pa kathabwa kokhomera. Kagalasika kakasweka, kapena nthambi yonyowa ikakhudza waya, magetsi amathawira pansi monga madzi amathawira pa ngalande yobooka, ndipo ofika kumapeto amakhala ofooka moti kachitsulo sikagunda. Magetsiwo ankachokera ku mabatire a m'mitsuko ya galasi, okhala ndi zitsulo zomizidwa mu asidi. Waya anali mmodzi yekha, chifukwa njira yobwerera magetsi inali nthaka yomwe, kudzera m'chitsulo chokwiriridwa pachinyontho kumapeto onse awiri. Pa mtunda wautali pankafunika masiteshoni apakati olandira uthenga wofooka n'kuupatsa mphamvu yatsopano, monga mmene uthenga wa maliro umapatsiranidwa mudzi ndi mudzi. Siteshoni iliyonse inkafuna nyumba, nkhuni, chakudya ndi munthu wokhalapo chaka chonse.

Kumpoto kwenikweni chilichonse mwa izi chimavuta mwanjira yake. Nthaka ya m'madera ambiri imakhala youndana chaka chonse kungoyambira pansi pang'ono, moti kukumba dzenje limodzi la polo kuli ngati kuswa thanthwe. Dothi lapamwamba likamaundana ndi kusungunuka limakankhira polo m'mwamba mpaka kuipendeketsa. Nthaka youndana sidutsitsa bwino magetsi, choncho njira yobwerera ija imafooka. Chitsulo chimafupika kukazizira: waya wa kilomita imodzi amafupika pafupifupi masentimita 70 kutentha kukatsika ndi madigiri 60, ndiye waya wokokedwa kwambiri nthawi yofunda amaduka yekha nthawi yozizira. M'mbali mwa nyanja ya Bering mulibenso mitengo yodula. Omanga ankadalira mitengo yokokoloka ndi madzi kapena kuikoka kuchokera kutali.

Kwathu kuno nkhani yotere si yachilendo kwenikweni. Waya wa kampani ya African Transcontinental Telegraph ya Cecil Rhodes, yomwe inakhazikitsidwa mu 1892, anadutsa ku Blantyre, Nkhotakota ndi Karonga n'kukathera ku Ujiji, osafika ku Cairo kumene ankalinga. Kuno mdani wa polo yamtengo anali chiswe, n'chifukwa chake amtengatenga ankasenza mapolo achitsulo.

Chifukwa chiyani kudzera ku Alaska?

Cholinga chinali kulumikiza America ndi Ulaya. Njira yachidule inali pansi pa nyanja ya Atlantic, koma chingwe choyamba cha mu 1858 chinagwira ntchito masabata atatu okha n'kufa, ndipo ambiri anayamba kukhulupirira kuti nyanja yaikulu chotero siingatheke. Perry McDonough Collins, Mmereka amene anayendapo ku Siberia ndi pa mtsinje wa Amur, anabwera ndi ganizo lozungulira: kuchoka ku California kukwera ku British Columbia, kutsata Yukon kudutsa Alaska, kuoloka kakhwalala ka nyanja ka Bering komwe pamalo popapatiza ndi makilomita pafupifupi 85, kenaka kutsika m'Siberia kufika pamathiriro a Amur, kumene Russia inalonjeza kufikitsa waya wake. Zili ngati munthu amene waona mtsinje wadzaza, n'kusankha kuyenda masiku awiri kukaolokera kumtunda kumene madzi ali m'maondo.

Nthawi imeneyo Alaska inali m'manja mwa Russia, ndipo inkayendetsedwa ndi Russian-American Company. Collins anapeza chilolezo ku Russia, ku Britain ndi ku United States, ndipo mu 1864 kampani ya Western Union, motsogozedwa ndi Hiram Sibley, inatenga ntchitoyo. Mkulu wa zonse anali Colonel Charles Bulkley, yemwe anayendetsapo telegalafu ya asilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Iye anakonza gulu lake mwachisilikali, ndi mayunifomu ndi maudindo, ndipo ndi mmene Kennicott anakhalira Major. Ntchito inagawidwa patatu: British Columbia, Alaska ndi Siberia. Ku British Columbia inayenda msanga; waya anafika ku New Westminster kumayambiriro a 1865 ndi ku Quesnel mu Seputembala chaka chomwecho. Ku Alaska kunali kusanadziwike ngakhale podutsa. Mapu ambiri sankaonetsa bwino ngati mtsinje umene Arasha ankautcha Kwikhpak kumunsi unali womwewo umene Angelezi ankautcha Yukon kumtunda, ngakhale wamalonda wina wa kampani ya Arasha, Ivan Lukin, anali atakwera kale mtsinjewo mpaka ku Fort Yukon. Western Union inkafuna Mmereka amene anakhalako m'dziko limenelo nthawi yozizira, ndipo otere anali owerengeka. Kennicott anali mmodzi wa iwo.

Scientific Corps: mgwirizano wa mabwana awiri

Kennicott anavomera ntchito yofufuza njira, koma anapempha kuti atenge anyamata ochepa odziwa zachilengedwe. Kagulu kameneka kanatchedwa Scientific Corps. Munali William Healey Dall, wa zaka 19, wokonda nkhono ndi zigoba zake, Henry Bannister, Ferdinand Bischoff, Henry Elliott, Joseph Rothrock, wa zomera, Charles Pease ndi George Maynard. Anyamatawa anali antchito a kampani. Zida zotolera zinachokera ku Smithsonian ndi ku Chicago Academy of Sciences, bungwe limene Kennicott ankaliyang'anira, ndipo masampulo anayenera kupita ku mabungwe awiriwa. Mfundo imene inalamula zonse inali yoti sayansi ichitike ntchito ya kampani ikalola.

Mbali iliyonse inali ndi chifukwa chomveka. Kwa Baird uwu unali mwayi wosowa: sitima yaulere yopita kudziko limene masampulo ake anali ochepa. Kwa kampani, anyamata ophunzira, odziwa kulemba za nyengo, mitengo ndi nthaka, anali antchito abwino pamtengo wotsika, ndipo dzina la Smithsonian linkaipatsa ulemu. Koma akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Tiyerekeze ndi mlimi amene chakudya chamuthera mu Januwale. Amapita kukagwira ganyu m'munda wa mnzake kuti apeze ufa, ndipo mwini mundayo samuletsa kupalira wake akaweruka. Vuto ndi loti minda iwiriyi imafuna khasu sabata imodzimodzi, ndipo akaweruka dzuwa lapendeka, thupi latopa. Palibe amene waphwanya pangano, koma udzu wakula m'munda wa waganyu.

Gululi linachoka ku New York mu Malichi 1865, kudzera ku Nicaragua, n'kufika ku San Francisco mu Epulo. Kumeneko anataya miyezi yambiri pa kukonza sitima ndi pa mikangano ya maudindo, ndipo ananyamuka mu Julaye. Anyamata aja anamwazidwa molingana ndi zosowa za kampani: Rothrock ndi Elliott ku British Columbia, Bischoff ku Sitka, likulu la Arasha kumwera kwa Alaska, Dall pa sitima za Captain Charles Scammon, Bannister ku St. Michael.

Pamene zinthu zinakanirira

Kennicott anafika ku St. Michael, linga la Arasha m'mbali mwa Norton Sound, gawo la nyanja ya Bering, mu Seputembala 1865. Mbalame zinali zikuchoka, maluwa atafota. Nyengo yoyamba yotolera inali itapita iye asanatsike m'sitima. Choipitsitsa, kasitima koyendera nthunzi kotchedwa Lizzie Horner, kamene anabwera nako kuti kawakweze Yukon, kanakanika kugwira ntchito. Ulendo umene ukanatenga masabata ochepa pamadzi unasanduka ntchito ya nyengo yonse yozizira.

Njira yotsala inali ya pamtunda, kuchoka ku Unalakleet m'mbali mwa nyanja kudutsa mapiri kukatulukira pa Yukon, makilomita pafupifupi 140, kenaka kukwera mtsinje kufika ku Nulato. Iyi ndi njira yakale ya malonda ya eni dziko, ndipo mpikisano wa agalu wa Iditarod umadutsabe momwemo. Katundu yense ankayenda pa zileyi zokokedwa ndi agalu pamwamba pa chipale. Galu wokoka amadya pafupifupi nsomba youma imodzi patsiku, ndipo nsombazo zimakwera pa chileyi chomwecho. Ulendo ukatalika, gawo lalikulu la katundu limakhala chakudya cha agalu ndi cha anthu, ndipo malo otsala amachepa. Agalu ndi nsomba zinkagulidwa kwa Arasha ndi kwa eni dziko, a Yup'ik ndi a Iñupiat kunyanja ndi a Koyukon kumtsinje, omwe anali ataumitsa zokwanira mabanja awo, osati alendo ochuluka ofika mochedwa.

Apa ndi pamene mawu oti "ntchito ya kampani ikalola" anaonetsa tanthauzo lake. Mgolo wa sipiliti, mitolo ya mapepala opanira zomera ndi mabokosi a zikopa zinkapikisana malo ndi ufa, tiyi ndi nkhwangwa. Mtsogoleri amene ali ndi anthu oti awadyetse pamalo pamene kuzizira kumafika madigiri 40 kapena 50 pansi pa ziro sangasiye thumba la ufa kuti anyamule mgolo wa nsomba zakufa. Pa kuzizira kotero ngakhale mekyule wa m'choyezera kutentha amaundana, inki imauma m'botolo, ndipo zala zopanda magolovesi sizingagwire kampeni kosendera. Mu Disembala kuwala kwa dzuwa ku Nulato kumakhala maola ochepa okha, ndipo maola amenewo ankapita ku nkhuni, agalu ndi ulendo.

Tinganene kuti panali mitundu iwiri ya ntchito ya sayansi, ndipo kampani inkalola umodzi mosavuta. Kulemba kutentha, mphepo, tsiku limene mtsinje waundana, kutalika kwa mitengo ndi mawu a zilankhulo za eni dziko kunkathandizanso omanga waya, ndipo kunkafuna buku ndi pensulo basi. Bannister, wokhala malo amodzi ku St. Michael, analemba za nyengo mosadukiza. Bischoff, amene anatsala ku Sitka kutali ndi ntchito yofufuza njira, anatolera zambiri, kuphatikizapo kadzidzi wamng'ono amene akatswiri anamutcha kennicottii mu 1867. Koma kusenda, kuumitsa ndi kunyamula kunkafuna nthawi ndi malo, ndipo amene anali ndi udindo waukulu ndi amene anali ndi zochepa za ziwirizi. Poona zimenezi, n'zovuta kunena kuti Kennicott anataya sayansi. Anailipirira ulendo ndi nthawi yake kuti ena aigwire.

Cholinga chake chofika ku Fort Yukon pa zileyi chinalephera, ndipo anakhala ku Nulato kudikira kuti madzi oundana a mumtsinje asweke, zomwe zimachitika chapakati kapena kumapeto kwa Meyi. Imeneyinso ndiyo nyengo imene atsekwe amakhala atafika. Tsiku limene wotolera amafuna kukhala chete m'dambo ndi mfuti ndilo tsiku limene wofufuza njira ayenera kukankha bwato. M'mawa wa pa 13 Meyi anzake anamupeza atagona m'mbali mwa mtsinje, kampasi yake ili pambali. Mtsinje utatseguka, Frank Ketchum ndi Michael Lebarge, motsogoleredwa ndi Lukin, anakwera mpaka ku Fort Yukon. Pease anaperekeza mtembo kunyanja, ndipo unafika kwawo ku The Grove, m'chigawo cha Illinois, mu Januwale 1867.

Mzere unafa, mabokosi anafika

Pa 27 Julaye 1866 sitima ya Great Eastern inafikitsa chingwe chatsopano cha pansi pa Atlantic ku Heart's Content, ku Newfoundland, ndipo chinagwira ntchito. Patapita masabata ochepa anavuulanso chingwe chimene chinaduka mu 1865 n'kuchimaliza. Njira yozungulira ija inatha ntchito. Western Union, itawononga pafupifupi madola 3 miliyoni, inaimitsa zonse kumayambiriro a 1867, koma amuna a ku Alaska ndi ku Siberia anapitiriza kudula ndi kuimika mapolo mpaka sitima zitawafikira ndi uthenga pakati pa chakacho.

Dall ndiye anatenga utsogoleri wa Scientific Corps, ali ndi zaka 21. Anakhala ku Nulato nyengo yozizira ya 1866 mpaka 1867, ndipo mu Juni 1867 anafika ku Fort Yukon pa bwato pamodzi ndi wojambula zithunzi Frederick Whymper. Kampani itachoka iye anasankha kutsala chaka china ndi ndalama zake, wopanda sitima ya kampani komanso wopanda lamulo la kampani, ndipo nyengo yofunda ya 1868 inamupeza ali womasuka kutolera. Mu 1869 iye ndi Bannister anasindikiza mndandanda wa mbalame za ku Alaska, ndipo mu 1870 anatulutsa buku lake la Alaska and Its Resources. Nkhosa yoyera ya m'mapiri a kumeneko imatchedwa ndi dzina lake mpaka lero.

Si zonse zimene zinapulumuka. Moto waukulu wa ku Chicago wa mu Okutobala 1871 unapsereza nyumba ya Chicago Academy of Sciences ndi zonse zinali m'menemo, kotero gawo lotsala ndi limene linali ku Washington. Mwambo wogawa masampulo ofanana ku nyumba ziwiri unaonetsa phindu lake pamenepo. Waya wa ku British Columbia anagwirabe ntchito mpaka ku Quesnel, ndipo wina wotayidwa m'nkhalango anthu a ku Hagwilget anamangira mlatho wawo pa mtsinje umene tsopano umatchedwa Bulkley. Nulato ndi Unalakleet zinadzalandira telegalafu kumayambiriro a zaka za m'ma 1900, pamene asilikali a United States anamanga mzere wawo.

Mafunso amene akadalipo

Loyamba ndi la imfa yake. Kennicott ankayenda ndi mankhwala a strychnine, omwe anthu a nthawiyo ankamwa pang'onopang'ono ngati olimbitsa thupi ndiponso kuphera nyama, ndipo mphekesera inafala yoti anadzipha chifukwa cha kukhumudwa. Mu 2001 akatswiri a Smithsonian motsogozedwa ndi Douglas Owsley anatsegula bokosi lake lachitsulo ndi chilolezo cha abale ake. Atayeza mafupa ndi kuwerenga mbiri ya kukomoka kwake kwa m'mbuyo, anagamula kuti mtima ndiwo unaima. Chimene mafupa sangayankhe ndi gawo limene kutopa, njala, nkhawa ya udindo ndi mankhwala amene ankamwa zinali nalo pa kufooka kwa mtimawo.

Lachiwiri ndi la ndale. Russia inagulitsa Alaska kwa United States pa mgwirizano wa pa 30 Malichi 1867, pa mtengo wa madola 7.2 miliyoni. Senator Charles Sumner, poikira kumbuyo kugulaku, anagwiritsa ntchito zimene Smithsonian inasonkhanitsa, ndipo Bannister anali ku Washington nthawi imeneyo kufotokoza zimene anaona. Olemba mbiri ena amati popanda Scientific Corps aphungu sakanakhutira. Ena amati nduna William Seward ndi boma la Russia anali ndi zifukwa zawo kale, ndipo malipoti a asayansi anangokometsa chigamulo chopangidwa. Mulimonsemo, eni dziko la Alaska sanafunsidwe.

Lachitatu ndi la maina. Mbalame zambiri, mazira ndi zikopa zinabwera ndi alenje, amayi ndi ana a kumeneko, amene ankadziwa pamene chisa chili ndi nthawi imene chili ndi mazira. Pa timapepala pamaoneka dzina la wotolera wachizungu, ndipo maina a sayansi akukumbukira Kennicott, Dall ndi Ross. Zimenezi tikuzidziwa ndi mkungudza wa ku Mulanje, umene dzina lake la sayansi, Widdringtonia whytei, limakumbukira Alexander Whyte wa boma la atsamunda ku Zomba. Ena akufuna maina otere asinthidwe. Ena akuti kusintha maina a sayansi kusokoneza mabuku a zaka zambiri, ndipo chofunika ndi kulemba m'kaundula amene anathandiza, pamene angadziwike. Pa mafupa a anthu ndi zinthu zopatulika, malamulo a United States a mu 1989 ndi 1990 anatsegula njira yobwezera kwa eni ake. Pa mbalame ndi zomera zotoleredwa kalekale palibe lamulo lotero, ndipo mgwirizano wa Nagoya wa mu 2010, wokhudza kugawana phindu la zamoyo, mayiko amasiyana pa mmene ungakhudzire zimene zinatengedwa usanakhalepo.

Funso lomaliza likukhudza ntchito za lero. Msewu, mgodi, damu kapena chingwe cha intaneti zikamadutsa malo osafufuzidwa, katswiri wa zachilengedwe amafikako pa galimoto ya kontilakita, pa nthawi yosankhidwa ndi kontilakita. Kodi kafukufuku wochitika nthawi ya chilimwe angauze anthu za achule ndi maluwa otuluka ndi mvula? Kodi mgwirizano uzitchula masiku enieni ndi malo a katundu operekedwa ku sayansi, kapena kutero kudzachititsa makampani kusiya kutenga asayansi? Nanga wasayansi amene wapatsidwa udindo woyang'anira anthu ndi chakudya chawo, ayenera kuukana kuti asunge ntchito yake, podziwa kuti akakana mwina ulendowo upita popanda aliyense woona mbalame?